Casserole ya Reuben: bwanji buledi amasanduka phala pansi?

NaPhiri: Moni nonse. Ndikufuna thandizo pa casserole ija (chakudya chosanja mu thireyi n'kuphika mu uvuni) yotengera sangweji ya Reuben, ya nyama yamchere, kabichi wowawasa, tchizi ndi buledi. Cholinga ndi chakudya chamadzulo chapakati pa sabata, choti munthu ukaweruka ku ntchito usathe maola awiri uli chiimirire kukhitchini. Vuto ndi lakuti pamwamba pamapsa bwino koma pansi buledi amasanduka phala, ndipo mchere umachita kuwawa. Chimalakwika n'chiyani? Mundipatseko ndi miyezo yake chonde.

Mayi a Tadala: Achemwali, mdani wa chakudya chimenechi ndi madzi, ndipo madziwo amachokera mu sauerkraut, kabichi wowawasa uja. Anthu ambiri amangotsanulira kabichiyo mu sefa, madzi n'kudontha pang'ono, iwo n'kumati zatheka. Ayi. Mtengeni m'manja pang'onopang'ono, mumfinye ngati mukufinya chovala chochapa, kapena mum'kulunge m'kansalu koyera n'kupotokola mpaka asiye kudontha. Botolo la magalamu 500 likuyenera kukutsalirani kabichi wa magalamu pafupifupi 300. Madzi amene mwatayawo ndi omwe akanalowa mu buledi wanu, ndipo mchere wambiri umapita nawo limodzi.

Miyezo ya thireyi ya masentimita 23 ndi 33, yokwanira anthu 6:

Buledi wa rye (mbewu yofanana ndi tirigu) masilayisi 8 mpaka 10, oduladula m'timabokosi ta masentimita awiri. Batala magalamu 60. Corned beef, nyama yamchere ija, yophikaphika magalamu 450, yoduladula. Sauerkraut botolo la magalamu 500, wofinya monga ndanenera. Tchizi cha Swiss magalamu 300, chopala. Sosi kapu imodzi.

Yatsani uvuni pa madigiri 180 musanayambe china chilichonse. Sakanizani buledi ndi batala wosungunula, mumuyale pa thireyi, alowe mu uvuni yekha mphindi 8 mpaka 10 kuti aume ndi kufiira pang'ono. Mukatero theka la bulediyo litsale pansi, theka muliyike pambali. Pamwamba pa buledi wapansiyo pabwere theka la tchizi, kenako nyama, kenako kabichi, kenako sosi, kenako tchizi chotsala, ndipo buledi mudasunga uja atseke pamwamba. Mphindi 25 mpaka 30 osavindikira. Mukatulutsa dikirani mphindi 10 musanadule.

Bambo a Mphatso: Pa zimene anena Mayi a Tadala, chimene anthu amachinyozera ndi tchizi chapansicho. Si chokongoletsa. Chikasungunuka chimamata buledi ngati denga, ndiye msuzi wochokera mu nyama ndi kabichi sulowa msanga. Mukasinthanitsa, n'kuyika kabichi kapena sosi pa buledi penipeni, ngakhale mutafinya bwanji pansipo pafewa basi.

NaPhiri: Zikomo. Nanga buledi kumuwamba kaye n'kofunikadi? Ndimaganiza kuti poti akalowabe mu uvuni, auma konko.

Bambo a Mphatso: Wapamwamba auma, koma wapansi sangaume chifukwa waphimbidwa, nthunzi ilibe kotulukira. Akuyenera kulowa pansipo ali wouma kale. Buledi wogona masiku awiri ndiye wabwino kuposa wa lero. Wa lero ali ndi chinyezi chake, ndipo podula amaphwanyika n'kumatana.

Gogo NaJere: Ana anga, ine ndikusiyana nanu pang'ono. Pali njira ina yothira mazira ndi mkaka, ndipo kwa banja la ana ndiyo imayenda bwino. Mazira atatu, mkaka mamililita 250, supuni yaing'ono ya mastadi, kumenya pamodzi n'kuthira pamwamba pa zonse musanayike buledi womaliza. Chimatuluka chogwirana, chodulika bwino ngati chigumu, ndipo mkakawo umafatsitsa mchere ndi kuwawasa kuja. Sichimwazika m'mbale.

Mayi a Tadala: Gogo, njira yanuyo ndi yabwino, sindikukana, koma chimenecho ndi chakudya china. Buledi amayenera kumwa mkakawo kwa mphindi 20 kapena kuposa, kuphika kwake n'kwa mphindi 40 mpaka 45, ndiye kwa munthu wofika kunyumba dzuwa litalowa nthawi yapita. Komanso kukoma kwa Reuben kuli pa buledi wolira m'mano pafupi ndi tchizi chonanda. Mukathira mkaka kulira kuja kumatsala pamwamba pokha.

Gogo NaJere: N'zoona mwana wanga. Koma ya mazirayo ili ndi ubwino umodzi umene yanu ilibe: mumaikonza m'mawa kapena dzulo lake, n'kuisiya mu filiji, madzulo kungoyatsa uvuni. Kukhalitsako kumaikometsa. Yanuyo mukaisanja m'mawa, pofika madzulo buledi wamwa kale madzi. Ndiye aliyense aone nthawi imene ali nayo, kaya ndi m'mawa kaya ndi madzulo. Chokhacho, mbale yagalasi yochokera mu filiji isalowe mu uvuni wotentha nthawi yomweyo, imasweka. Iyambe yakhala pabwalo mphindi 20 mpaka 30.

Achimwene a ku Leeds: Ndiyankhepo pa nyama, chifukwa dzina limasokoneza anthu. Ku America akati corned beef amanena nyama ya pachifuwa cha ng'ombe, brisket, yonyikidwa m'madzi amchere masiku angapo kenako n'kuphikidwa mpaka kufewa. Mawu akuti corned sakunena chimanga, akunena timiyala ta mchere timene ankasungira nyamayo kale. Kuno ku Britain nyama imeneyo amaitcha salt beef, ndipo mukapempha corned beef akupatsani ya m'chitini. Ku South Africa funsani corned silverside kapena corned brisket ku butchala, poti ya m'chitini ambiri amati bully beef. Amene akulemba maphikidwe ali ku America akati magalamu 450 a corned beef, akunena nyama yeniyeniyo, osati ya m'chitini.

Mukagula yaiwisi, imeneyo si ntchito yapakati pa sabata. Iphikeni Lamlungu. Chidutswa cha kilogalamu imodzi ndi theka, madzi ozizira ochimiza, anyezi mmodzi, masamba awiri a bay, njere za tsabola wakuda, mchere ayi. Moto wochepa, madzi azingonjenjemera osati kubwadamuka, maola awiri ndi theka mpaka atatu. Ikabwadamuka nyama imalimba n'kukhala ulusiulusi. Izizirire m'madzi ake momwemo kuti isaume. Dziwani kuti imabwerera kwambiri ikapsa, gawo limodzi mwa atatu limatha kuchoka, ndiye gulani yochulukirapo. Podula, dulani mopingasa ulusi wa nyamayo, osati motsatira.

Che Saidi: Nanga ya m'chitiniyo ndi yoletsedwa? Chifukwa kwa ambiri ndiyo yopezeka msanga.

Achimwene a ku Leeds: Siyoletsedwa Che Saidi, koma imafuna kuisamala. Ndi nyama yogayagaya, yamafuta ambiri, ndipo ikatentha imasungunuka n'kukhala ngati phala. Chitini chigone mu filiji kuti nyama ilimbe, muidule m'timabokosi, muikazinge pa chiwaya chouma chotentha bwino, mphindi zitatu mbali iliyonse osatakasa. Ikachita kakhungu kofiira muichotse ndi supuni yabowoka, mafuta atsale m'chiwaya. Mukaiyika yosakazinga, mafuta onsewo amatsikira pansi, buledi n'kusambira. Zitini ziwiri za magalamu 300 kapena 340 zikwana thireyi imodzi, ndipo batala muchepetse afike magalamu 40.

Anti Loveness: Pa mchere umene akudandaula NaPhiri, tawerengani zinthu zamchere zimene zili m'mbale imodziyi: nyama, kabichi, tchizi, mayonezi, tomato sosi, minkhaka yoviika mu viniga, buledi, ndi batala ngati ndi wamchere. Palibe malo othirapo mchere wina, ngakhale kachitsine. Dzanja lozolowera kuthira mchere mu ndiwo liyenera kugwiridwa.

Chinanso, tchizi cha Swiss sichidasankhidwe mwangozi. Emmental, yomwe ndi tchizi cha Swiss chodziwika kwambiri, ili ndi mchere wochepa kwambiri poyerekeza ndi cheddar, ndipo imakoma motsekemerako pang'ono, ndiye imaziziritsa nyamayo. Mukayika cheddar yokhwima m'malo mwake, mwawonjezera mchere, komanso cheddar ikatentha kwambiri imatulutsa mafuta pamwamba. Ngati Emmental, Gruyère kapena Jarlsberg sizikupezeka kapena mtengo wakwera, tengani Gouda yosakhwima. Imasungunuka bwino. Mozzarella yokha ilibe kukoma kokwanira kulimbana ndi kabichi wowawasa, koma gawo limodzi la mozzarella ndi magawo awiri a Gouda zimayenda. Gulani chibuma mupale nokha. Tchizi chopalapala cha m'paketi amachiwaza sitachi kuti chisamatane, ndiye sichisungunuka mosalala.

NaPhiri: Kodi kabichiyo ndizimutsuka kuti mchere uchepe?

Anti Loveness: Mulaweni kaye. Ngati akuwawasa bwino ndipo mchere wake ndi wopiririka, ingofinyani. Ngati akuchita kukwinyitsa nkhope, mutsukeni kamodzi pa madzi ozizira kwa masekondi ochepa, kenako kufinya. Osamunyika. Mukamutsuka kwambiri mutsala ndi kabichi wopanda mawu, ndipo mbale yonse ikhala yonona mopanda chodula mafutawo. Ntchito ya kuwawasako ndi imeneyo.

Bambo a Mphatso: Njira yapakatikati: tsukani theka, theka musatsuke, n'kusakaniza.

Mayi a Tadala: Ndinaiwala sosi. Palibe chifukwa chogula wa m'botolo. Mayonezi masupuni aakulu 12, amene ndi mamililita 180. Tomato sosi masupuni atatu. Minkhaka ya mu viniga yoduladula tating'ono masupuni awiri, nayonso yofinya. Anyezi wopala supuni imodzi. Sosi wa Worcestershire supuni yaing'ono imodzi. Ameneyo ndiye Thousand Island. Mukafuna Russian dressing, amene ambiri amati ndiye woyambirira pa Reuben, chotsani minkhakayo muthire horseradish (muzu woluma wopala) supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri ndi paprika pang'ono. Ndi woluma, wosatsekemera kwambiri. Horseradish akasowa, mastadi woluma wa English amayandikira.

Koma apa mverani: musathire sosi yense mu casserole. Magawo awiri mwa atatu alowe, gawo limodzi litsale la patebulo. Mayonezi ndi mafuta ogwirizanitsidwa ndi dzira, ndipo akatentha kwambiri amalekana, mafuta n'kuyenderera paokha. N'chifukwa chake uvuni usapyole madigiri 190, ndipo sosi akhale pakati, wophimbidwa ndi tchizi, osati pamwamba pamene moto umamenya. Musamupake ngati penti, ingodonthezani timilumilu ndi supuni. Wotsala wozizira uja pa casserole yotentha ndiye amabweretsa kukoma kwa sangweji yeniyeni.

Che Saidi: Funso lalikulu kwa amene tili kumudzi kuno ndi sauerkraut ndi buledi wa rye. M'masitolo ambiri mulibe. Tipange bwanji?

Gogo NaJere: Kabichi wowawasa ndi wosavuta kupanga, angofuna masiku. Kabichi kilogalamu imodzi, wodula mopyapyala kwambiri, mchere magalamu 20. Muyezo wake ndi umenewo, magalamu awiri a mchere pa magalamu 100 aliwonse a kabichi, ndipo yezani pa sikelo, osati ndi maso. Mufikiseni ndi manja oyera mphindi 10 mpaka atulutse madzi ake. Mum'panikize m'botolo lagalasi loyera, kutsendera ndi chibakera kapena mthiko mpaka madziwo akwere pamwamba pa kabichi. Pamwamba ikani tsamba lathunthu la kabichi ndi kachinthu kolemera koyera kuti zonse zimire. Botolo lisadzaze, ndipo chivindikiro musamange kwambiri chifukwa mpweya umatuluka. Liyikeni m'mbale pamalo amthunzi poti masiku oyamba limasefukira.

Viniga simuthira. Tizilombo tabwino timene tili pa masamba a kabichi timadya shuga wake n'kupanga asidi, monga mmene mkaka umasandukira chambiko. Amakonda kutentha kwa madigiri 18 mpaka 22, ndiye miyezi ya June ndi July ndiyo yabwino, amatenga masabata awiri kapena atatu ndipo amakhala wolimba bwino. M'kutentha kwa October amasasa msanga n'kufewa, ndiye yambani kulawa pa tsiku lachisanu, akafika pamene mukufuna alowe mu filiji. Chimene chimawononga ndi kabichi wotulukira pamwamba pa madzi, ndiye amachita nkhungu. Mukaona nkhungu yaubweya, yakuda, yobiriwira kapena yofiirira, kapena fungo lowola osati lowawasa, tayani botolo lonse.

Anti Loveness: Kwa amene akufuna kudya lero lomwe: kabichi magalamu 600 wodula mopyapyala, mchere supuni yaing'ono imodzi, akhale mphindi 20, mufinye. Mum'ponye m'chiwaya ndi viniga woyera masupuni aakulu asanu ndi shuga supuni yaing'ono imodzi, moto wapakati mphindi 8 mpaka 10, mpaka pansi pa chiwaya paume. Si sauerkraut weniweni, kuwawasa kwake n'kwakuthwa osati kozama, koma pakati pa nyama ndi tchizi amagwira ntchito. Azizire musanamuyike.

Achimwene a ku Leeds: Pa buledi, chinsinsi n'chakuti kafungo kamene anthu amati ndi ka rye, nthawi zambiri ndi ka njere za caraway zimene amathira mu buledi wa m'ma deli, masitolo ogulitsa masangweji ndi nyama zophikaphika. Ndiye tengani buledi wabulawuni wolemera, wosafutukuka kwambiri, muwaze caraway supuni yaing'ono imodzi mu batala uja musanasakanize. Mukazitswanya pang'ono mu kamtondo fungo limatuluka bwino. Caraway amafanana maonekedwe ndi chitowe cha cumin koma kukoma n'kosiyana kutalitali, cumin akutengerani ku fungo la curry, musasinthanitse. Caraway akasowa, fennel theka la supuni yaing'ono, apo ayi siyani. Buledi woyera wofewa wa masilayisi ndiye woipitsitsa pa ntchitoyi, amamwa madzi ngati siponji. Ngati ndi yekhayo alipo, muduleni mokhuthala ndipo mumuwambe mphindi 12. Rye wakuda wolemera wa ku Germany uja, pumpernickel, nayenso sayenda bwino yekha, amauma ngati mwala pamwamba.

NaPhiri: Pepani, ndifunseko zapambali. Reuben ameneyu anali ndani?

Bambo a Mphatso: Nkhani zake zilipo ziwiri ndipo mizinda iwiri imakanganirana. Anthu a ku Omaha, m'boma la Nebraska, amati idayambira ku Blackstone Hotel m'zaka za m'ma 1920, pa gulu la anthu osewera makadi usiku, ndipo dzina lidachokera kwa Reuben Kulakofsky, wogulitsa zakudya mumzindamo. A ku New York amati ndi Arnold Reuben, mwini Reuben's Delicatessen, cha m'ma 1914. Chodziwika n'chakuti ngakhale corned beef ndi buledi wa rye ndi zakudya za m'ma deli a Ayuda a ku New York, Reuben yeniyeni siyitsata kosher, malamulo a zakudya a Ayuda, chifukwa imaphatikiza nyama ndi tchizi. Ilinso ndi mchemwali wake, Rachel, imene amayika pastrami (nyama ya ng'ombe yamchere youmitsa pa utsi) kapena nyama ya nkhukundembo, ndi coleslaw (saladi ya kabichi wamuwisi) m'malo mwa sauerkraut.

Mayi a Tadala: Amene akufuna Rachel ya mu thireyi, coleslaw asalowe mu uvuni. Kabichi wamuwisi wa mayonezi akatentha amatulutsa madzi ochuluka kuposa sauerkraut wosafinya. Phikani buledi, nyama, sosi ndi tchizi zokha mphindi 20, coleslaw wozizira abwere pamwamba m'mbale ya aliyense.

Che Saidi: Nanga magetsi akazima, pa mbaula zingatheke?

Gogo NaJere: Zimatheka, monga timaphikira chikondamoyo. Poto wokhuthala pansi, wopaka batala. Buledi muyambe mwamukazinga pa chiwaya m'malo momuwamba mu uvuni. Makala akhale oyaka bwino, ochita phulusa loyera, opanda utsi. Pansi pasiyeni ochepa kwambiri, ambiri akwere pa chivindikiro chachitsulo, gawo limodzi pansi, magawo awiri pamwamba. Pansi pakachuluka moto, buledi amapserera tchizi chisanasungunuke, ndipo fungo lopserera limalowa mbale yonse. Muzitembenuza poto pang'ono mphindi 10 zilizonse. Popeza poto ndi wovindikira, nthunzi imatsekeredwa, ndiye chivindikiro chisiye kampata kakang'ono kumbali, komanso buledi wapamwamba mumuyike mphindi 10 zomaliza zokha. Zonse pamodzi mphindi 30 mpaka 35. Potsegula, kokerani chivindikiro kumbali mosamala phulusa lisagwere mkati.

Anti Loveness: Ndiwonjezere pa poto: ngati ndi wa aluminiyamu, phikiranimo koma musasungiremo. Asidi wa kabichi ndi tomato sosi amadya chitsulocho, chakudya chimada n'kumamveka chitsulo m'kamwa. Chimodzimodzi foyilo yokhudza chakudya usiku wonse, mumapeza yabooka timabowo. Zotsala zisamukire m'chidebe chagalasi kapena chapulasitiki, zilowe mu filiji pasanathe maola awiri, ndipo zidyedwe m'masiku atatu kapena anayi.

Bambo a Mphatso: Za mauvuni: madigiri 180 ndi a uvuni wamba. Wa fani tsitsani afike 160, wa gasi ndi nambala 4, ndipo maphikidwe a ku America akalemba madigiri 350 a Fahrenheit ndi chimodzimodzi. Thireyi ikhale pa shelefu yapakati. Mbale yagalasi imachedwa kutentha kuposa yachitsulo, onjezani mphindi zisanu. Chizindikiro chakuti yapsa ndi m'mbali mmene mukuwira tithovu ndi tchizi chosungunuka mpaka pakati. Lowetsani mpeni pakatikati, muwerenge mpaka faifi, muukhudze pa dzanja. Ukatuluka wofunda chabe, ibwerere. Ngati pamwamba pakufiira msanga pakati pasanatenthe, yalani foyilo mosamanga, muichotse mphindi zisanu zomaliza. Kuvindikira kuyambira poyamba ndi chifukwa china chimene buledi amafewera.

NaPhiri: Ndamva. Ndiye kuti ndifinye kabichi, ndiwambe buledi, tchizi pansi, mchere osathira. Nanga ndingakonzeretu chiyani dzulo lake popanda kuwononga?

Mayi a Tadala: Zonse kupatula kusanja. Sosi agone mu filiji m'kabotolo, amakoma kwambiri akagona chifukwa anyezi amafatsa. Tchizi chopala, nyama yodula ndi kabichi wofinya, chilichonse m'chidebe chake. Buledi wowamba azizire kaye, kenako mum'tsekere m'chitini chouma kunja kwa filiji. Mukafika madzulo, uvuni ukutentha inu mukusanja, mphindi zisanu zakwana. Kabichi wogona mu filiji amatulutsanso timadzi pansi pa chidebe, mumfinyenso kachiwiri. Popeza zonse zikuchokera mu filiji zili zozizira, perekani mphindi 30 zathunthu.

Pambali pake musayike chakudya cholemera. Saladi ya tomato, anyezi ndi minkhaka yothira mandimu basi, kapena zitheba zofutsa pang'ono.

Che Saidi: Zotsala kutenthetsa mu microwave?

Achimwene a ku Leeds: Imatenthetsa, koma buledi amatuluka wofewa ndi wonyutuka ngati labala. Bwino uvuni pa madigiri 170 mphindi 15, kapena chiwaya chouma pa moto wochepa: vindikirani mphindi zisanu kuti pakati patenthe, kenako tsegulani mphindi zitatu kuti pansi paumenso. Pakati pazituluka nthunzi, kwa amene ali ndi choyezera afike madigiri 74. Tenthetsani gawo lokhalo limene mudye, ndipo sosi wozizira uja mudonthezepo zitachoka pamoto.